Mota Yosalira ya Bambo Custódio

Mota yakale, njinga yamoto ya bambo Custódio, mlimi wa fodya wa ku Ngauma, inkamveka isanaoneke. Ikangofika pa mlatho wa kumunsi, mudzi wonse unkadziwa kuti akubwera, ndipo akazi awo, mayi Hortência, ankapeza mpata wotsanzikana ndi anzawo n'kusesa pakhonde.

Chiwonereni mota yamagetsi ku Mandimba, bamboyu nkhani yawo inali imodzi. Kudimba, kumaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi ku Massangulo, ankakweza chala n'kulengeza kuti mafuta a gasolina atha ntchito, tsogolo lili m'bateriya.

Atagulitsa fodya anapita ku Cuamba, ati kukagula tcheni. Wogulitsa m'sitolo anawauza kuti onyamula anthu m'tauni ayamba kale kulimbirana zamagetsizo, ndipo sanavutike kuwakopa. Mota yakale inatsala komweko. Kunyumba sanaimbe foni, ankafuna akadabwitse anthu.

Anawoloka mlatho masana dzuwa likuswa mtengo, galu ngakhale mmodzi osauwa. Analowa pabwalo mwakachetechete, n'kuima kuseri kwa nkhokwe.

Mayi Hortência anali atavala jekete la amuna awo, atakhala chokwera pa mtondo wogoneka, dzanja lina litagwira munsi ngati chiwongolero. Amayi anzawo anali pamphasa, misozi ili mbwe ndi kuseka.

"Amayi inu, mukutsalira," ankatero ndi mawu okhuthala, chala chili m'mwamba. "Tsogolo lili m'bateriya."

Woyamba kuwaona eni jekete anali mayi Dinércia, oyandikana nawo nyumba, ndipo anadzitseka pakamwa ndi nsalu yawo ya kapulana. Enawo anazizira mmodzimmodzi. Mayi Hortência anaganiza kuti nthabwala yachepa mchere, choncho anawonjezera kakhosomole kamene amuna awo amayambira nako kulankhula.

"Chala chake si chimenecho," anatero bambo Custódio ali kumbuyo. "Ine ndimaloza ndi ichi."

Alendo aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya ndiwo pamoto. Koma sanapite patali. Posakhalitsa anabwerera ndi amuna awo kudzazungulira motayo, kuifunafuna potulukira utsi. Mwini wake anayankha mafunso onse mwachidule, manja ali m'thumba, ndipo tsiku limenelo mawu oti tsogolo sanatuluke pakamwa pawo.

M'mawa mwake mayi Hortência anapempha kuti awaperekeze ku Mandimba kukagulitsa tomato, bateriya ikadyerenso magetsi kwa mlamu wawo. Ananyamuka dengu lili kumbuyo. Zaka zonsezi phokoso la injini linkawapulumutsa: pa mota panalibe kucheza, panalibenso kukwiyirana. Tsopano ankamva matayala pamchenga ndi njiwa m'mitengo, ndipo aliyense ankamva kuti mnzake wakhala chete dala.

Atadutsa minda ya chimanga, bamboyo anafunsa osacheuka ngati masewera aja anayamba kale. Mayi anavomera kuti ndi akalekale, ndipo anthu amawakonda kwambiri.

"Ndine ndekha, kapena alipo ena?"

Mayi anati alipo ambiri, kuyambira mlamu wa ku Mandimba uja.

"Tachitani wa mlamuyo ndimve."

Mayi Hortência anakoka mpweya, n'kuyamba kudandaula za msana ndi mawu a m'mphuno, ndendende mlamu akapemphedwa kunyamula thumba. Bambo Custódio anaseka mpaka mota inapatuka yokha kulowa m'munda wa chinangwa, ndipo anatha kanthawi onse awiri akutola tomato m'mizere.