Banjo ya ku Halale

Kwa a Zaina, pamphambano ya msewu wopita ku Thekerani, anthu anayamba kudyerapo mpunga wa nyama ya mbuzi kalekale, tiyi wa m'mapiri ozungulira asanafike m'mawondo. Loweruka masana, akaweruka kuntchito, otchola tiyi, akapitawo ndi makalaliki ankadzaza pansi pa chisakasa, uku a Mwamadi, amuna awo a Zaina, akukoka kodiyoni yawo yakale. Wophika pamalopo anali Teleza.

Loweruka lina kunabwera katswiri wochokera ku Halale, ati dzina lake a Laki, woimba jazi pa banjo. Teleza atasuzumira pakhomo la khitchini anaona suti yotuwa, chipewa chopendekeka ndi nsapato zoyera. Anaonanso khutu lodukira nsonga. Anali Lackson, mwamuna wake, amene anathawa thangata mwana wawo Ellen ali kumsana, osatumizako nsalu ngakhale uthenga.

Teleza anapakula mpunga nakauika patsogolo pake. Lackson anayang'ana kumbali, kenaka anapempha foloko m'Chingerezi. Foloko panalibe, a Zaina anachita kukabwereka kwa kuki wa mzungu wa kumunda wa tiyi. Munthu amene ankanyambita zala akadya kalongonda, lero ankadandaula kuti tsabola wa kuno ndi waukali. Kapitawo wina atamulonjera m'Chilomwe, anakwinya nkhope ngati akumva kulira kwa achule. Makalaliki anamuzungulira, aliyense akuyesa kusanjikiza miyendo monga iye. Teleza anawaona ngati nkhuku zozungulira lichero.

Kuimba kokha ankatha, ndipo zimenezi ndi zimene zinamunyansa kwambiri Teleza. Banjo inalira mothamanga, kodiyoni ya a Mwamadi ikutsatira mwawefuwefu. Anthu anakankhira mabenchi kumbali n'kuyamba kuvina, fumbi kobo. Lackson ankatsinzina, kugwedeza mapewa, akuimba mawu amene ngakhale makalaliki ankangowavomereza ndi mitu osamvapo kanthu. Teleza anaima pakhomo, chipande chili m'manja. Pamene anaimapo ankaona zimene ovinawo sankaona: Lackson akakweza phazi potsatira nyimbo, kunsi kwa nsapato yoyerayo kunkaoneka chiboo chotsekedwa ndi pepala.

Dzuwa litapendeka oimba anapumula, ndipo Lackson anazembera kukhitchini. Anavula chipewa. Chingerezi chonse chinathera pakhomo, anayamba Chilomwe chosalala ngati sanachokepo. Ananena kuti ku Halale zinthu zavuta, hotela imene ankaimbako inatsekedwa, ndipo suti ndi ya mnzake. Kenaka anafunsa za mwana.

"Ellen akutchola tiyi, ali ndi wakenso kumsana," anatero Teleza, osasiya kukwecha mphika. "Mukamulonjere m'Chizungu chanucho, mwina akakudziwani."

Lackson anapempha kuti abwerere kunyumba. Teleza anamuuza kuti nyumba imene anamanga inagwa kale ndi mvula, ndipo pamalopo achimwene a Telezayo anadzalapo chinangwa.

"Amake Ellen, ine ndine mwamuna wanu."

"Pitani, alendo a Zaina simuchedwa kukhitchini. Anthu akukudikirani."

Panja anali atayamba kumuitana. Lackson anaima pang'ono, anavala chipewa chake n'kuchipendeketsa bwinobwino, nakonza kumwetulira asanatuluke. Teleza anamumva akupepesa kwa makalaliki m'Chingerezi, iwo akuseka asanamve n'komwe chimene wanena.

Lackson anagona masiku awiri pabenchi pansi pa chisakasa, banjo atatsamira. Lolemba m'mawa anapempha malo pa lole yonyamula mabokosi a tiyi yopita kusiteshoni ya Luchenza. Teleza sanatuluke, anali akusankha mpunga kuseri. A Zaina, amene anaona mlendoyo akulowa kukhitchini kuja, anadzamufunsa ngati ankadziwana naye. Teleza anataya kamwala kamene anapeza mumpungamo, nayankha kuti anali mkamwini wina waulesi wa kumudzi kwawo.