Zimene Wosambitsa Maliro Sanena

Kuno ku Liwaladzi, mzimayi wa Chisilamu akamwalira amaitana ine Rahila kukasambitsa thupi. Ntchitoyi ili ndi lamulo: zimene waona kuseri kwa nsalu umapita nazo kumanda. Kwa munthu wolongolola ngati ine, lamulo limeneli ndi chilango.

Mwezi watha ndinasambitsa mnzanga wapamtima. Anthu ankanong'ona kuti anamulodza mkazi mnzake. Bodza! Ine ndinaona mmene matenda anamudyera mwakachetechete, iye akubisa chifukwa cha manyazi. Ndinalira, koma sindinauze munthu.

Ndinangolunjika kwa mwana wanga Sabrina. Ndinamupeza akuyanika usipa pathandala, khanda lili kumsana.

"Lachinayi kuchipatala akuyeza khansa ya khomo la chiberekero," ndinatero. "Tipite."

"Amayi, ine ndikudwala? Taonani mikonoyi!"

Mwana ameneyu makani anatengera bambo ake.

"Safuna odwala okha, iwe. Ukadzamva kupweteka ndiye kuti yamera kale mizu."

Anasiya usipa uja n'kundiyang'anitsitsa. "Munaona chiyani kumaliro kuja?"

Ndinkadziwa kuti ndikanangonena, akananyamuka pompo. Koma mnzanga uja anandisiyira ulemu wake m'manja.

"Sindinganene, mwanangu. Koma ndinakusambitsa uli khanda, ndipo pomwepo pakwana. Iweyo ndiwe udzandisambitse ine. Usandisinthire mzere."

Lachinayi m'mawa ndinangomuona pakhomo atavala mpango wake wa pa chikondwerero cha Idi, nkhope ili gwaa.

Pabenchi ya kuchipatala ndinaona kuti akuopa, ndiye ndinayamba kulowa ndine, ndi imvi zangazi. Namwino anali mzimayi wa manja ofewa, ndipo sanachedwe. Ine sanandipeze kanthu.

Sabrina anakhalitsa m'katimo. Ndinapemphera mpaka maduwa onse, mapemphero athu amene ndimadziwa, anandithera. Mantha ngati amenewo sindinawamvepo.

Atatuluka, namwino anandiitanira pambali, Sabrina atavomera.

"Tapeza timawanga, mayi. Sitinafike pokhala khansa, ndipo tatithira kale mankhwala ake lero lomwe. Adzabwerenso chaka chamawa. Mwachita bwino kubwera asanamve kalikonse."

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, khanda ndinabereka ine. Sabrina, mayi wa ana atatu, anandigwira nsonga ya chitenje, osaisiya.

"Amayi, chaka chamawa mudzandiperekezanso?"

"Ngakhale ndi ndodo," ndinatero. Kenako ndinayamba kulira pamsewu pomwepo, anthu a kabaza akutiyang'ana.