Kandalama ka m'Jekete

"Musakatsegule," anatero Clive, akubweza kapaketi m'manja mwa Mainess. "Mwandimva, alamu? Musakatsegule, musakapukute, musakalume."

Unali mwezi wa Okutobala mu 2000, chaka chimene migodi inagulitsidwa. Mainess ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa ku Chamboli mu Kitwe, ndipo belo lake lomaliza linali litamugwetsa. Atalidula anapezamo majekete a ubweya okhaokha, nyengo imene phula limasungunuka mumsewu. Palibe anagula. Yoodera belo lina analibe, ndipo akomiti ya msika anali atamuuza kuti benchi yopanda katundu idzapita kwa wina mwezi ukatha. M'thumba la jekete limodzi ndi mmene anapeza kandalama kooneka ngati golide, komatiridwa m'pulasitiki, kali ndi chithunzi cha chilombo chamapiko.

Clive, mwamuna wa mng'ono wake, anali ndi kashopu ka matepi ndi zoseweretsa ku Masala, mu Ndola. Iye ndiye ankadziwa zinthu za kunja.

"Si ndalama ya dziko lililonse iyi," anafotokoza. "Ana a azungu ali ndi masewera a makadi a zithunzi. Asanayambe amaponya kotereka m'mwamba kuti aone woyamba ndani. Tambiri ndi tapulasitiki, topanda ntchito. Koma onani chaka apa, ndi kanyenyezi kunsi kwa phikoli. Totere amangopatsa opambana mpikisano. Pali mzungu wa ku Joni, wabwera ndi eni migodi atsopano, amatolera zimenezi. Abwera kuno Loweruka. Kakafika kali m'paketi mwake, belo lanu latuluka."

A Obadiah, amuna a Mainess, anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anagwira ntchito zaka zambiri mu labu, chipinda choyezera miyala ku mgodi, akupera miyala kuti akatswiri aone mkuwa uli m'kati, mpaka tsiku limene anawachotsa.

"Ndiye kuti ndi golide," anatero.

"Si golide, ba Obadiah. Ndi kachitsulo chabe."

"Kachitsulo chabe pa mtengo wa belo? Mwandiona ngati ndabadwa dzulo? Tiyeni, amake Chiyanjano. Katengeni, musakasiye pano."

Mainess anakabisa m'buku la nyimbo, pansi pa matiresi. Masiku otsatira a Obadiah sanalankhule nkhani ina. Ankati Clive ndi kalulu wa m'tauni, akufuna kuwalipira za chidole iye akagulitse golide. Ankati mwala suudziwa pakhungu, umaudziwa ukauswa. Mainess ankangoyankha kuti, "Kaya ndi dothi, bola agule."

Lachinayi anapita ku chigwirizano cha amayi. Pobwera anawapeza a Obadiah pakhonde atavala ovololo yawo yakale ya ku mgodi. Pa mpando panali tupa, kabotolo ka asidi wa m'batire, ndimu wodula pakati ndi phulusa. Pulasitiki inali pansi, nkhuku ikuijompha.

"Wabwera bwino," anatero a Obadiah, osakweza mutu. "Taona."

M'mphepete mwa kandalama munali mutapalidwa mpaka chitsulo chotuwa chinaonekera. Asidi anali atadya phiko limodzi. Mbali yotsalayo anaikwecha ndi phulusa mpaka chaka ndi kanyenyezi zinafufutika.

"Zinki," anatero. "Kunja kokha ndiye anapaka. Ndakupulumutsa, akanatimanga kuti tagulitsa golide wabodza."

"Anakuuzani kuti si golide, atate ake Chiyanjano. Anakuuzani ndili pomwepo."

"Tsopano ndadziwa ndekha. Iwe zako ndi makabudula a azungu akufa. Za chitsulo usiyire ife."

Mainess sanalire. Anatola pulasitiki ija, naiyang'ana, naiponya pamoto.

Loweruka anakwerabe minibasi ya ku Ndola, poganiza kuti mwina mzunguyo angapereke kangachepe. A Obadiah anamutsata, ati akamuuze Clive pamaso. Anapeza mzungu atafika kale, atatsamira galimoto yake. Munthuyo anatenga kandalama, nakatembenuza kamodzi, nakaika pa kauntala. Anafunsa Clive m'Chingerezi kuti wachita zimenezi ndani, kenaka analowa m'galimoto n'kumapita.

Clive nayenso gawo lake pa malondawo linali litapita. Komabe anayamba kuseka. Anatuluka panja n'kuitana ogulitsa makala ndi osoka nsapato a pafupi.

"Iseni mumone! Bwerani muone katswiri wa ku Chamboli! Anapatsidwa nkhuku yoikira, waitumbula kuti awerenge mazira!"

"Ndi zinki," anatero a Obadiah. "Ndayeza."

"Ndinati chiyani ine? Mzungu samafuna chitsulo, mudala, amafuna chithunzi ndi paketi yosatsegula! Safunsa anadya phula. N'chifukwa chake mgodi anaugulitsa, munkaupala chonchi. Alamu, usiku muzigona ndi diso limodzi, angakupaleni nanunso kuti aone za m'kati."

Anthu anaseka. Mayi wina wa makala anapempha kuti akaone, ndipo kandalama kanayenda dzanja ndi dzanja mpaka kanabwerera kwa a Obadiah. Iwo anakaika m'thumba la malaya, akubwerezabe chapansipansi kuti asidi sanama.

"Clive, ndibwereke ya theka la belo," anatero Mainess. "Benchi ikupita."

"Kabwerekeni ku labu," anayankha Clive, nabwerera m'shopu.

Mainess anayenda mpaka pokwerera minibasi, a Obadiah ali kumbuyo. Kuyambira pamene ntchito inatha, ndalama ya m'nyumba inkakhala pa mfundo ya chitenje cha Mainess. Pa mfundopo panali ya anthu awiri yobwerera ku Kitwe, basi. Benchi inali itapita, zimenezo anazidziwa. Koma ya munthu mmodzi inali yokwana beseni la tomato, ndipo tomato amagulitsidwa ngakhale pansi, kunja kwa mpanda wa msika.

Analowa m'minibasi, nakhala pawindo.

"Muli banga, bamayo? Anthu angati?" anafunsa kondakitala, akuyang'ana bambo amene anali ataponda kale pakhomo.

"Ndili ndekha."

"Amake Chiyanjano," anatero a Obadiah. "Ndilibe kalikonse m'thumba."

"Muli nako," anatero Mainess. "Mupatseni. Mumuuze kuti mwayeza."

Kondakitala anawakankha pang'ono ndi chigongono, nakoka chitseko. Minibasi inanyamuka, ndipo Mainess sanacheuke.