Nambala ya m'wotchi ya a Celestino

Pamsika wa Ulongwe, a Jeremias anali atasanduka munthu wongopatsidwa moni. Anakonza mawotchi zaka makumi atatu, koma lero aliyense amaona nthawi pafoni, ndipo okonza mafoni oyandikana nawo ankawaseka kuti akulondera manda.

Lachiwiri lina kunafika mayi wovala zakuda, a Zeferina a ku Lifidzi, atamanga wotchi pansonga ya chitenje. Inali yachikale ija ya timabatani tambirimbiri, yosunga manambala a foni. Amuna awo, a Celestino, anaigula ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, ndipo tsopano anali atagona m'manda masabata awiri.

“Alamu anga a Inocêncio ali ku Joni, za malirowa sadamve,” anatero a Zeferina. “Popanda iwo sitingamete. Numero yawo ili m'menemu basi. Malemu pepala sankalikhulupirira, ankati ndi ndiwo za chiswe. Awa a mafoniwa akuti ndingosinthitsa piliya.”

A Jeremias anayang'ana galasi la wotchiyo, lili mbuu, ndipo mtima unawapsa.

“Akadachotsa piliyayo, mayi, bwenzi mwaika maliro kachiwiri. Relojiyu iyi moto ukangoduka, imaiwala zonse.”

Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi n'kutsegula kumbuyo. Batire, piliya ija, linali litatupa, m'mbali muli ndere zobiriwira, moto utangotsala wa mpweya umodzi. Anatenga batire lina, nalilumikiza ku wotchiyo ndi timawaya tiwiri toonda ngati tsitsi, kuti pochotsa lakalelo moto usaduke ngakhale kamphindi. Kenako anacheukira a Zeferina.

“Gwirani tebuloli, lisagwedere. Musatsokomole.”

Lakale lija linatuluka. Anapala ndere ndi nsonga ya singano, napukuta ndi kadontho ka kachasu amene ankalumbira kuti ndi wa ntchito yokhayokha. Analowetsa latsopano, kenako anachotsa timawaya tija, kamodzikamodzi. Thukuta linali kamukamu, chonsecho kunja kukuzizira.

Anadina batani. Zilembo zinatuluka zakuda bii: INOCENCIO, nambala ili pansi pake, yonse yathunthu.

Mmodzi wa okonza mafoni aja, amene anabwera kudzaonerera kuti aseke, anangotulutsa foni yake n'kuipereka kwa a Zeferina, iwo n'kuimba nambala ija. Inaitana katatu.

“Alo? Ndani?”

Mawuwo anali ngati a malemu, kukhosi komweko. A Zeferina anakhala pansi pafumbi, nayamba kulira asanatchule n'komwe dzina lawo. Patapita nthawi, a pafupi onse anamva mawu a ku Joni aja akuti, “Mlamu, musamete. Ndikubwera.”

A Jeremias ananyada, kunyada kwenikweni, ndipo sanabise. Anamanga tizomangira tinayi ta kumbuyo mosafulumira, kuti msika wonse uonetsetse, n'kuveka mayiyo wotchi ija padzanja.

“Ikadzayambanso kuchita mbuu, mubwere nayo kuno. Kwa ine, osati kwina.”