Anachongeratu Kuti Ali Bwino

Akulu anga anabereka mwana wachiwiri Lolemba, ndipo Lachitatu, asanatuluke m'chipatala, anawaika njira yolera ya pamkono. Anavomera okha, sindikukana. Koma munthu woti sanagone masiku awiri, mabala akadali aawisi, angavomere ngakhale kugula ndege.

Mwezi usanathe, anasintha. Mayi amene ankaseka mpaka aneba kugogoda khoma anayamba kukhala m'mphepete mwa bedi, maso ali pazenera, misozi ikungotsika yokha. Mwana ankamuyamwitsa, ankamusambitsa, koma ngati wa munthu wina.

"Ndi ulesi umenewo," anatero apongozi awo. "Ife tinabereka asanu ndi awiri, tinaliona liti dzuwa lolirira?"

Alamu anga anagula botolo la mankhwala owonjezera magazi, n'kuona ngati nkhani yatha.

Ine ndinavundikira makina anga osokera n'kuperekeza akulu anga kusikelo. Panjira anandiuza motsitsa mawu kuti chiikireni kanthu kaja pamkono, akumva ngati anawathira mchenga m'mutu.

"Mukawauze anamwino zimenezo, achemwali."

"Akandifunsa ndinena."

Pachipatalapo ali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. M'mawa namwino amatolera mabuku a amayi onse a pamzere, n'kumalemberatu kuti zinthu ziziyenda msanga. Titalowa, buku la akulu anga linali lotsegula patebulo, pambali pa sikelo. Namwino anayeza mwana, anamuyamikira kunenepa, anagwiragwira pamkono pa mayi wake, n'kukankha bukulo.

"Wotsatira."

Ndinalitola ine. Pamzere wofunsa za maganizo a mayi panali pochonga kale: ali bwino. Inki inali itauma.

"Pepani anamwino, apa mwachonga nthawi yanji?"

"Inu ndinu odwala?"

"Ndine mng'ono wawo. Mwawafunsa liti kuti ali bwino? Kapena mumaombeza?"

Akulu anga anandikoka chovala. "Iwe, usatichititse manyazi."

"Manyazi achite ndi amene wayankha funso asanalifunse. Mwana mwamuyeza mpaka magalamu. Amake mwawayeza ndi chiyani?"

Namwino anavula magalasi. Anati ali yekha, panja pali amayi makumi anayi, ndipo mwa amayi khumi, asanu ndi anayi amayankha kuti ali bwino.

"Wakhumiyo ndi uyu," ndinatero. "Ndiye azipita kuti?"

Kunja wina anagogoda chitseko. Namwino anakokera mpando pafupi ndi akulu anga, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana kumaso.

"Mayi, mukumva bwanji mumtima?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisawayankhire. Akulu anga anasisita kaphazi ka mwana.

"Mwanayu ndimamukonda," anatero. "Koma m'mawa kukacha ndimadandaula kuti ndadzuka."

Namwino anakhwatcha pochonga paja. Anati mwina ndi njira yolerayo, poti ena imawasokoneza maganizo, mwinanso ndi matenda amene amagwira amayi akangobereka, kapena zonse ziwiri. Anati asachoke osaonana ndi dokotala, ndipo ngati akufuna kuti kapamkonoko kachotsedwe, ufulu ndi wawo, njira zina zilipo.

"Bwanji simunawauze zimenezi tsiku lowaika?" ndinafunsa.

"Sindinawaike ndine."

Yankho limenelo linandiwotcha kuposa kuchonga kuja. Aliyense pamenepo manja ake ndi oyera, koma munthu akumira.

Akulu anga anakakhala pabenchi ya kwa dokotala, mwana ali pamiyendo. Ine ndinabwerera kumzere wa sikelo, kumene amayi anali kudikira kuitanidwa, wina akuwodzera, wina akuyang'ana pansi.

"Amayi, akakupatsani buku lanu musatuluke msanga," ndinawauza. "Tsegulani tsamba lachitatu. Mwayankha kale mafunso, inu osadziwa."

Mlonda anabwera kudzandiuza kuti ndikusokoneza mzere. Ndinamufunsa ngati nayenso anamuchongeratu.