Udzudzu wa Akazi Anga

Akazi anga amaweta udzudzu. Ndikawauza anthu zimenezi amaseka kaye, kenako n'kundiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino, ndiye ndinangozolowera kunena kuti amagwira ntchito kuchipatala. Zoona zake n'zakuti kuseri kwa chipatalacho kuli malo ochitira kafukufuku wa malungo, ndipo kuseri kwa malowo kunali kachipinda kotentha, konunkha chinyontho, komwe akazi angawa anakhalitsamo kuposa pabalaza pathu. M'kachipindamo munali timakola ta neti yoyera pamashelefu, mabeseni a madzi odzaza mphutsi, ndi kulira kuja kumene munthu wamba akakumva amayamba kudzimenya makofi m'makutu.

Udzudzu wake sunali wamba. Makolo ake akalekale anakawatola okha pachithaphwi china, ine ndisanawafunsire n'komwe. Kuyambira pamenepo wakhala ukubadwira m'nyumba, kukulira m'nyumba, kufera m'nyumba. Sunakumanepo ndi mankhwala opopera ndipo ulibe tizilombo ta malungo. Aliyense wofuna kudziwa ngati mankhwala a m'neti akugwiradi ntchito amayamba wayesa pa udzudzu woterewu, wosadziwa za dziko. Ukatha ndiye kuti watha, sungakaugule kusitolo.

Vuto ndi lakuti udzudzu waukazi suikira mazira popanda magazi. Madzi a shuga umamwa, koma amangousunga ndi moyo basi. Ndiye magaziwo ankachokera pamkono wa akazi anga. Ankapinda malaya, kulowetsa mkono m'kakhola, n'kukhala phee uku dzanja linalo likutembenuza masamba a buku. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi, ndagwidwapo ndi nthambo kangapo, koma zimenezo sindingayerekeze. Kunyumba kwathu sitinkapopera mankhwala, sopo wonunkhira sankalowa, mafuta odzola ankayamba anunkhizidwa asanaloledwe kudutsa pakhomo. Ndinkadandaula ndithu. Ndinkawauza kuti amuna anzanga amapikisana ndi anthu ovala mataye, ine ndikupikisana ndi kachilombo kosakwana n'chikhadabo chomwe, komanso ndikugonja.

Kenako kunabwera mgwirizano. Yunivesite ina yaikulu ya kunja inasainirana ndi bungwe la akazi anga kuti azichitira limodzi kafukufuku. Anamanga nyumba yatsopano ya zitseko zagalasi n'kusamutsiramo udzudzu uja, anabweretsa mafiriji aatali kuposa ine, ndipo anati udzudzu wa akazi angawu ndi chuma. Ankafuna kuti mazira ake azitumizidwa kumalabu ena, komanso kuti mbiri yake ilembedwe m'magazini ya asayansi, dzina la akazi anga lili patsogolo. Tsiku limene bwana mkulu wa bungwe anawaitana kukawauza zonsezi, anabwera kunyumba ali duu.

"Akuti za mkono basi," anatero akuvula nsapato.

"Mkono walakwa chiyani?"

"Malamulo a mgwirizano salola kuti munthu azilumidwa dala. Komanso akuti mazira angathe kuwaika m'envulopu, koma mkono wanga sangautumize limodzi."

"Ndiye uzidya chiyani?"

"Kukubwera makina, abambo. Uziyamwa pamakina."

Sindibisa, ine ndinasangalala. Ndinapita kukhitchini kukatereka madzi a tiyi kuti asaone mano anga.

Makinawo anabwera ndi apulofesa a kuyunivesite ija, mayi wamfupi wa imvi mutu wonse, wovala nsapato zothamangira ngakhale sindinawaonepo akuthamanga. Nawonso anakalambira pa udzudzu kwawoko. Makina ake sanali ochititsa mantha. Tinali timakapu tachitsulo, momwe amathiramo magazi a ng'ombe, n'kutseka kukamwa kwake ndi kachikopa kopyapyala konga pulasitiki. Magetsi amatenthetsa magaziwo kuti afunde ngati thupi la munthu, kenako kakapuko amakavundikira pamwamba pa neti. Udzudzu ntchito yake n'kungoboola kachikopako.

Udzudzu unakana. Unkauluka n'kudutsa pansi pa kakapu ngati munthu wodutsa sitolo yotseka. Koma akazi anga akangolowa m'chipindamo, wonse unkakhamukira mbali imene aima, n'kudzaza neti mpaka kuda bii. Apulofesa anayesa kusintha magazi. Anayesa kuzimitsa magetsi a m'chipinda, anayesa kuusiya ndi njala, anayesa kupumira mpweya pa neti. Anafika popempha sokosi za anthu a m'labu n'kuzipachika pafupi ndi timakapu kuti fungo la mapazi liukope, moti bwana mkulu atalowa tsiku lina anangotembenuka osafunsa kanthu. Udzudzu umodzi kapena uwiri unkabaya n'kuchoka usanakhute.

Atasowa pogwira anaitana ine kuti ndikaone ngati makina akutentha bwino. Ndinavala ovolosi yochapa, ndinatenga mita yanga, ndipo m'njira monse ndinkapemphera kuti ndikapeze kawaya kothothoka. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha nanenso ndikhale wothandiza pa nkhani ya udzudzuyi, anthu ophunzira andiombere m'manja. Ndinatsegula, ndinayeza apa, ndinayeza apo, ndinagogoda ngakhale pamene sipafunika kugogoda. Makinawo anali bwinobwino, abwino kuposa chilichonse chimene ndinakonzapo. Ndinatsekanso n'kunena zoona, ndipo apulofesa anandithokoza ngati ndawapatsa kanthu.

Udzudzu sukhalitsa. Masabata ochepa chabe, wakalamba. M'mawa uliwonse akazi anga ankasesa wakufa pansi pa timakola ndi kaburashi, ndipo mabeseni a mphutsi ankawatsuka n'kuwavundikira chifukwa munalibe choikamo. Timakola tinayamba kuchepa pashelefu. Kunyumba anasiya kundiyankha ndikawaseleula, ndipo pamenepo m'pamene chimwemwe changa chija chinathera. Ndinkawaona atakhala pampando, dzanja lili patsaya, tiyi akuzizira, ndipo ndinkachita mantha. Ntchito ya moyo wawo wonse inali kutha iwo akuona, mankhwala ake ali m'malaya mwawo momwemo.

Masana ena ndinabwereranso kunyumba yatsopanoyo kukaika soketi ina pafupi ndi shelefu. Tinalimo awiri, ine ndi akazi anga. Timakola tamoyo tinali titatsala tiwiri tokha. Ndili chogwada pakhoma ndinamva batani la malaya likumasulidwa. Nditacheuka ndinaona mkono uli pamtunda, dzanja linalo likumasula mfundo ya pakhomo pa kakhola.

"Amayi," ndinatero.

"Inu pitirizani za soketi zanuzo."

"Akakupezani?"

"Andipeze. Ndiziuonerera ukufa chifukwa cha pepala limene anasaina anthu osadziwa n'kulira kwake komwe?"

Chitseko chinatseguka nthawi yomweyo, apulofesa n'kulowa atanyamula kabotolo ka magazi. Anaona mkono, anaona mfundo yomasuka. Ine ndinalimbikira kumanga sikuluwu imene inali itamangika kale. Ndinkadikira mawu okweza, koma apulofesa anangoika kabotolo patebulo, kukoka kampando n'kukhala.

"Ndikanakhala ine, bwenzi nditalowetsa kalekale," anatero. "Sindikuletsani, ndipo sindikanena kwa aliyense. Koma mukaupatsa lero, mawa sudzayang'ananso kakapu. Mudzausunga mpaka tsiku limene mudzadwale kapena kupuma pantchito, ndipo udzatha sabata yomweyo."

Akazi anga anaima choncho, udzudzu uli piringupiringu pa neti pafupi ndi chigongono chawo. Kenako anamanganso mfundo ija pang'onopang'ono, n'kukhala pansi nawonso.

"Si magazi amene ukukana," anatero akazi anga. "Wambiri sunawalawe n'komwe magaziwo. Sukupeza khomo lake. Kuyambira makolo ake, chakudya chimanunkha ine."

"Sokosi zija tinayesa."

"Sokosi za eni ake. Ine simunandipemphe."

Apulofesa anaseka koyamba chibwerere. Anati ankaopa kuwapempha, poti mwina akanaona ngati chipongwe, munthu umuletse mkono kenako um'pemphe sokosi. Akazi anga anati za sokosi aiwale, udzudzu wawo sunaleredwe ndi mapazi. Anatenga kachikopa katsopano, kukayala pamkono pomwe ankalumitsa paja, apulofesa n'kukamanga ndi bandeji. Anagwirizana kuti akavale mpaka mawa lake, ndipo akadzakachotsa adzatsekere kakapu mbali ya thukuta ili kunja. Anafunsa kaye kwa a malamulo a kafukufuku, ndipo yankho linabwera lakuti palibe choletsa, poti palibe amene akulumidwa.

Madzulo amenewo anaphika ndi mkono womanga. Aneba anafunsa ngati apsa ndi moto, ine n'kuyankha kuti ayi, akukonzera ana chakudya. Akazi anga anandiponyera kansalu kopukutira mbale, ndipo ndinadziwa kuti mtima wayamba kubwerera m'malo.

Mawa lake anandiimbira foni ndili pamakwerero kunyumba ya kasitomala.

"Wabaya, abambo! Wabaya!"

"Wonse?"

"Ayi, wochepa. Koma mimba zafiira. Bwerani mudzaone."

Sindinapite, poti kasitomala anali atagwira makwerero, koma ndinaimba nyimbo mpaka kumaliza ntchitoyo. Patapita masiku angapo panaoneka mazira pakapepala konyowa, timadontho takuda ngati fumbi la makala. Beseni limodzi linavundukulidwa, kenako lachiwiri.

Apulofesa anabwerera kwawo, koma ankaimbirana ndi akazi anga pafupipafupi, ndipo anapangana zochita. M'badwo uliwonse watsopano, kachikopa kazivalidwa nthawi yocheperako. Poyamba kankagona pamkono. Kenako kankangovalidwa m'mawa popita kuntchito. Kenako ankangokapukutira pakhungu kamodzi n'kukatsekera pakakapu. Udzudzu umene unkakana unkafa osasiya ana, umene unkalola unkaswana, ndipo ana ake ankalola msanga kuposa amayi awo. Mashelefu anadzazanso. Nkhani ya m'magazini ija anailemba awiriwo, kuitumiza, kubwezeredwa kuti akonze, kuitumizanso, ndipo akazi anga ankang'ung'udza kuti anthu oiwunikawo amaluma kuposa udzudzu.

Ine ndinkaona zonsezi ngati nkhani yomwe yatha bwino. Ndinali nditayamba kale kuuza anzanga kuti akazi anga akutuluka m'magazini ya kunja, ngakhale sindinkafotokoza kuti atuluka chifukwa cha chiyani.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anatulukira kushopu kwanga, chinthu chimene sachita pakati pa sabata. Ndinali nditatsegula ayironi ya kasitomala, wailesi ikulira chapansipansi. Anasuntha mawaya pabenchi, kukhala, chikwama n'kuchiika pamiyendo.

"Wadya wonse," anatero.

"Pa kachikopa kopukutira kaja?"

"Kosapukutira. Kongochotsa m'paketi. Anaika ndi mnzanga wa m'labu, ine ndili kuofesi ya bwana mkulu. Mazira oyamba anyamuka mawa kupita kumalabu aja."

"Ndiye mwapambanatu, amayi! Tikagule chiyani?"

Anagwedeza mutu ngati akuvomera, koma maso anali pa ayironi ija.

"Nditabwerako ndinalowa ndekha. Anali ataika timakapu tina. Ndinapinda malaya n'kuyandikitsa mkono kunja kwa neti, osagunda, kungoyandikitsa. Ndinaima pamenepo mpaka phewa kuwawa." Anasisita mkonowo. "Palibe ndi umodzi womwe umene unatembenuka, abambo. Wonse unali pakakapu."

Kwa zaka zambiri ndinkalakalaka tsiku limeneli, ndipo litafika ndinangomva chisoni.

"Si zimene mumafuna?" ndinafunsa chapansipansi.

"Ndi zimene ndimafuna. Tsopano ukhala ndi moyo ngakhale ine nditafa. Udzadya kwa anthu amene sindidzawaona n'komwe." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndi zimene ndimafunadi. Koma ndimaganiza kuti mwina umodzi wokha ubwera."

Analira mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka. Ndinazimitsa wailesi, ndinakankhira zida kumbali, n'kukhala nawo pabenchipo mpaka mwini ayironi anabwera n'kuipeza idakali chitsegulire.