Makina Oona Zonse a ku Blantyre

Atachotsedwa chotupa cha m'bere, Esitere, mayi wogulitsa usipa ku Nkopola, anafunsa kumene akachitaye. Anesi, a Abiba, anamuuza kuti sachitaya. Chipita ku labu ku Blantyre pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Kumeneko akachidula tizidutswa topyapyala n'kutiunika pa makina, kuti aone ngati khansa yayamba kufalikira.

"Makinawo amaona zonse?" anafunsa Esitere.

"Zonse za m'kanyamako," anayankha anesi.

Atatuluka m'chipatala, Esitere anapeza mwamuna wake Blackson akusoka ukonde pakhonde.

"Akuti makina aja sabisa, bambo a Angel. Amaona zimene ndimadya, zimene zimandidya mumtima, ngakhale munthu amene amandinamiza. Dzina limatuluka papepala."

Blackson anaseka, koma singano inamupulumuka.

Tsiku lachitatu anaulula kuti mtsuko wa apongozi ake sunaswedwe ndi mbuzi ayi. Sabata yachiwiri anaulula kuti Lachinayi lililonse, pamene amati ali ku kwaya, amakhala pa bawo kwa anzake a Swadick. Esitere ankangogwedeza mutu.

"Pitirizani, pepala lisanafike."

Koma akatsala yekha ankangogwiragwira pa bandeji. Kumuvutitsa mwamunayo n'kumene kunkamuiwalitsa mantha.

Patatha masabata asanu zotsatira zinabwera. Anapita kuchipatala onse awiri, Blackson atavala jekete lakutchalitchi. Adokotala anati m'mphepete mwa chotupacho munalibe khansa, koma inapezeka mwa mwanabere mmodzi. Choncho Esitere afunika kukalandira mankhwala a m'diripi ku Blantyre kwa miyezi ingapo, ndipo poti yapezeka msanga, chiyembekezo chilipo chachikulu. Esitere anapumira m'mwamba, misozi ili lengelenge.

Blackson anatsokomola. "Pepani adokotala, nanga za ine palibe pamenepo?"

"Za inu zotani, bambo?"

A Abiba anabisa nkhope kuseri kwa fayilo, mapewa akugwedezeka.

"Tsamba lachiwiri lidakali m'njira," anatero Esitere akupukuta m'maso.

Blackson anayang'ana anesi, anayang'ana mkazi wake, kenako anadzigwira pakamwa. Mwezi wotsatira anamuperekeza ku Blantyre atamunyamulira chikwama ndi fulasiki ya tiyi, akung'ung'udza njira yonse kuti munthu wodwala sayenera kukhala wochenjera chonchi.